Telala Amene Ankabweza Moni wa M'mawa Madzulo

Taganizirani m'mawa wamba, mvula yoyamba itangogwa kumene. Mame akadali pa udzu, ana a sukulu akuthamangitsana ndi belu, inu mwanyamula khasu ndipo mukudutsa kanjira ka pakati pa minda. Kutsogolo kwanu kukubwera bambo wamtali, woonda ngati singano, tepi yoyezera ili m'khosi, choko chili pakhutu, maso ali pansi, milomo ikugwedera. Inu, pokhala munthu woleredwa bwino, mwaima.

"Mwadzuka bwanji, a Telala?"

Zii. Akudutsani ngati ndinu chitsa.

Musafulumire kukwiya. Pambuyo pawo pakubwera mayi wamfupi, akupuma wefuwefu, nkhope yonse ili kupepesa. Amenewo ndiwo aima.

"Adzuka bwino, kaya inu? Pepani, akuwerenga."

Umu ndi momwe kunkachera kwathu kwa zaka zambiri. A Telala sankayankha moni wa m'mawa chifukwa ankawerenga ziwala, ndipo akazi awo ankawayankhira. Mawuwo anamveka kawirikawiri mpaka ana anawasandutsa dzina. Ukafunsa mwana kuti yunifolomu yake anamusokera ndani, ankangoti, "A Akuwerenga."

Sanabadwe otero ayi. Mayi aja ankakonda kunena kuti anakwatiwa ndi munthu wabwinobwino, wa moni ndi nthabwala zomwe. Zinasintha chaka chimene mwana wawo woyamba anabadwa. Nyemba zinali zitachita maluwa, munda wonse uli mbuu, kenaka ziwala zinatera. Pasanapite masiku ambiri, m'mundamo munangotsala timitengo. Mayi sanaiwale momwe anawapezera amuna awo ataima pakati pa timitengoto, chipewa chili m'manja, ngati munthu amene wafika mochedwa pamaliro. Chaka chimenecho mwana analira kwambiri, ndipo makina osokera anatsala pang'ono kugulitsidwa.

Alangizi a zaulimi atabwera kudzaona, ananena mawu amene anawalowa a Telala m'mafupa.

"Izi sizinagwe kuchokera kumwamba, bambo. Zinaswa pompano, m'malire mwa munda wanu. Zinakhala milungu ingapo zilibe mapiko, zikungodumphadumpha m'udzu, inu mukuzidutsa tsiku ndi tsiku."

"Ndiye kuti munthu akadaziona?"

"Akadaziwerenga. Kuona kokha sikuthandiza, chiwala chimodzi aliyense amachiona."

Alangizi anawaphunzitsa pomwepo. Uyende pang'onopang'ono. Usankhe ndi maso malo patsogolo pako, kukula kwake ngati thumba loyalidwa pansi. Pamene ukuyandikira, uwerenge zimene zadumpha kuchoka pamalopo. Upite patsogolo, usankhenso pena, m'malire ndi m'kati momwe. Zikachepa, uzisiye, mbalame nazo zidye. Zikachuluka zisanamere mapiko, uthamangire kwa alangizi, chifukwa nthawi imeneyo zimakhala zaunjikana pamalo amodzi ndipo kuthana nazo n'kosavuta. Zikamera mapiko, basi, nkhani yatha.

"Ooh," anatero a Telala, nkhope ikuwala koyamba m'mwezi wonsewo. "Ndiye ndi kuyeza basi. Ngati kuyeza munthu m'chiuno nsalu isanadulidwe."

Kuyambira pamenepo, mvula ikangogwa, a Telala ankayeza minda. Osati wawo wokha. Ankati chiwala sichidziwa malire, ndiye wowerenga nayenso asawadziwe.

Vuto linali mutu wawo. Mayi atadandaula kuti anthu ayamba kung'ung'udza, iwo anayankha mofatsa.

"Mayi, mutu wangawu uli ngati singano. Mumalowa ulusi umodzi. Ndikangoti 'ndadzuka bwino', ziwala zonse zathawamo, ndiyambirenso ku malire."

Mayi anapirira mpaka tsiku limene amayi awo owabereka anabwera kudzacheza. Anatsika basi m'mawa, chikwama pamutu, ndipo munthu woyamba kukumana naye anali mpongozi wawo.

"Mwadzuka bwanji, apongozi?"

Apongozi anadutsa akunong'ona, "khumi ndi chimodzi, khumi ndi ziwiri," maso ali pa udzu. Gogoyo anangotembenuka, chikwama chili pamutu pomwepo, ulendo wobwerera ku siteji. Akazi a Telala anawapeza atakweza kale phazi limodzi m'basi.

"Iwe, unandiuza kuti wakwatiwa ndi telala. Sunandiuze kuti wakwatiwa ndi chipupa."

Kuyambira m'mawa wotsatira, mayi anayamba kuyenda pambuyo pa amuna awo, kutola moni aliyense amene wagwa.

Mukadaganiza kuti nkhani inathera pomwepo. Koma a Telala anali munthu wosakonda msoko wotsala.

"Inu mwayankha, inde, ndipo ndathokoza. Koma munthuyo anafunsa ine."

Choncho dzuwa likapendeka, ankaphimba makina, n'kuvala jekete, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Ngakhale maso awo ankakhala pa ziwala, makutu ankasunga liwu lililonse. Mumatha kukhala pakhonde mukusenda nyemba madzulo, n'kungomva, "Odi! Ndadzuka bwino, kaya inu?" Mlendo akakhalapo ankayang'ana dzuwa, kenaka n'kuyang'ana inu. Ometa tsitsi anatsala pang'ono kudula khutu la munthu tsiku lina, a Telala atasuzumira pazenera mwadzidzidzi ndi kulengeza kuti adzuka bwino. Wodwala wina kuchipatala anaganiza kuti wagona tsiku lathunthu.

Yosaiwalika ndi ya munthu wapaulendo amene anawapatsa moni m'mawa akupita ku msika. Madzulo a Telala anamufunafuna ponseponse, n'kumuona atakhala kale m'minibasi, galimoto ikunyamuka. Anathamanga m'mbali mwake, miyendo yaitali ija ikuponya fumbi, jekete likuuluka. Kondakitala anamenya chitseko, dalaivala anaima.

"Kwerani msanga, madala!"

"Ayi, sindikupita. Bambo a chipewa chofiirawo! Ndadzuka bwino, kaya inu?"

Munthu uja, atazunguzika, anati nayenso wadzuka bwino. A Telala anagwedeza mutu mokhutira n'kubwerera kwawo. Zimene ananena kondakitala sitingazilembe pano, ana amawerenga.

Chiwerengero cha munda uliwonse ankachilemba ndi choko chawo chosokera pa thalauza lakuda limene ankavala. Mwendo wamanja unali wa minda ya kumtunda kwa msewu, wamanzere wa kumunsi. Akafika ku ofesi ya alangizi ankaima chilili, alangizi n'kuwerama kuwerenga.

"Tembenukani pang'ono, bambo, ndione ya kudambo."

Loweruka lina mayi, poona kuti thalauzalo lada mopitirira, analiviika m'madzi a sopo. A Telala anatuluka m'nyumba, analiona litayanikidwa pachingwe, loyera bwino, ndipo anagwira kumutu.

"Mayi! Mwachapa minda yonse ya kumtunda!"

"Ndachapa thalauza. Minda ili pomwe ija."

"Munda wa asisi anu unali pabondo pomwepa!"

"Ndiye muwauze asisi kuti munda wawo unkanunkha thukuta."

Anakwiyirana mpaka nthawi ya chakudya, kenaka anaseka mpaka misozi. Mayi analumbira kuti sadzachapanso munda wa munthu osafunsa. A Telala nawo analumbira kuti sadzatenganso nsalu ya pazenera, chifukwa mlungu womwewo mayi anali atapeza nsalu yawo ya maluwa itasokedwa kukhala ukonde wokokolera ziwala m'udzu wautali, m'chipinda chochezera dzuwa likungolowa ngati pabwalo.

Anthu ankaseka, koma ankamvera. Zaka zambiri a Telala ankangoti, "Zilipo zochepa, gonani." Chaka china ankafika pakhomo jekete lisanavalidwe, n'kunena kuti m'malire mwa uje mwaswa. Pamenepo anthu ankasonkhana, alangizi n'kubwera ndi mankhwala, n'kupopera kamzere kokhako kamene tizilomboto taunjikana. M'chilimwe ankaonetsa pamene ziwala zaikira mazira, anthu n'kutembenuza dothi kuti dzuwa ligwire ntchito yake. Ngakhale gogo uja anadzafewa. Ankati mpongozi wake ndi chipupa ndithu, koma chipupa chotchinga mphepo.

Munthu mmodzi yekha sanafewe. A Chigayo, mwini chigayo cha pafupi ndi mlatho, anali bambo wamkulu thupi, nsidze zoyera ndi ufa, wolankhula mokuwa chifukwa injini inawagonthetsa makutu. Iwo anapereka moni kamodzi, kawiri, osayankhidwa. A Telala atafika madzulo kudzabweza, anawakumaniza pachipata.

"Moni wa m'mawa ndimalandira m'mawa! Wozizirawo kawapatseni nkhuku!"

"Koma ndinali kuwerenga, achimwene."

"Kawerengeni kwanu! Munda wanga supondedwa ndi munthu wopanda moni!"

Ndipo zinakhaladi choncho. Munda wa a Chigayo, waukulu, wokhala ndi ngalande ya udzu wambiri kumunsi kwake, unakhala wokhawo wosayezedwa. Pa thalauza lija panali malo amodzi, pansi pa thumba lamanzere, pamene sipankalembedwa kanthu. Chodabwitsa n'chakuti a Chigayo sanasiye kupereka moni m'mawa uliwonse. Ankaupereka mokuwa, mwadala, kuti anthu aone kuti sayankhidwa. Mayi akati awayankhire, iwo ankakweza dzanja. "Sindinafunse inu, mlamu."

Zaka zinapita, ana anakula n'kuchoka, ndipo miyendo yaitali ija inayamba kukana. Poyamba a Telala ankayenda ndi ndodo. Kenaka chaka china mvula yoyamba inagwa iwo ali pampando, mapazi atatupa, akuyang'ana pazenera ngati mwana wotsekeredwa m'kalasi anzake akusewera.

"Chilimwe chathachi ndinaziona zikuluzikulu zikuulukira kwa a Chigayo," anatero. "Zinapita kukaikira ku ngalande ija, ndikudziwa. Ndipo nyemba zathu zili pafupi pomwepo. Mayi, sindikufuna kuti chomaliza kuona m'maso mwanga chikhale timitengo tija."

M'mawa mwake mayi anatenga choko, anamanga nsalu yakuda m'chiuno, natuluka okha. Njira yake ankaidziwa. Munthu sungayende zaka zonsezo pambuyo pa wowerenga osadziwa pamene amaima ndi pamene amayang'ana. Anasankha malo ngati thumba loyalidwa, anayandikira, tiziwala tinadumpha. Chimodzi, ziwiri, zitatu.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu? Ana adzuka bwanji? Chifuwa chija chinatha?"

Atatembenuka, m'mutu munali mbee. Anayambiranso. Munthu wina anadutsa, zinachitikanso chimodzimodzi. Pakamwa pamene panazolowera kuyankhira anthu awiri sipakanatha kutseka tsiku limodzi. Anabwerera kunyumba dzuwa lili pamutu, nsalu ilibe ngakhale kamzere ka choko.

"Zingati?" anafunsa a Telala.

"Ziwala sindikudziwa. Koma aliyense wadzuka bwino."

A Telala anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma, anayang'ana kunja kumene kunali wilibala yotutira manyowa.

"Itsukeni ija. Mawa tipitira limodzi. Inu muziwerenga, ine ndiziyankha."

Kunacha, anthu anaona zimene sanaziwonepo. Mayi akukankha wilibala, m'katimo muli a Telala atakhala pa pilo, mawondo ali kukhosi, jekete lili pathupi, akupereka moni kumanja ndi kumanzere ngati munthu wofuna mavoti. Anthu ena anachita mantha, osayankha. Mayi ankaimika wilibala pamthunzi m'mbali mwa njira, n'kulowa m'munda, ndipo aliyense wodutsa ankagwidwa ndi a Telala asanafike kwa iwo. Chiwerengero chinayamba kubwera, a Telala akuchilemba pa thalauza lawo lija. Ndipo monga ananenera a Telala, chinkakwera munda uliwonse umene unayandikira kwa a Chigayo.

Tsiku lofika pa malire aja, a Chigayo anali ataima pachipata, manja m'chiuno, atakoka kale mpweya kuti aponye moni wawo wa chipongwe. Sanaupeze mpata.

"Mwadzuka bwanji, a Chigayo?"

A Chigayo anayang'ana kumbuyo kwawo. Kunalibe munthu. Anayang'ana dzuwa. Linali la m'mawa ndithu.

"Mukunena ine?"

"Inu nomwe, achimwene."

"Nda... ndadzuka bwino. Kaya inu?"

"Ndadzuka bwino. Dzulonso, muja munafunsa, ndinadzuka bwino. Dzana mwendo unavuta pang'ono, koma ndinadzuka. Lachiwiri lapitalo ndinadzuka ndi chimfine."

"Mukufuna kubweza zaka zonsezi?"

"Zonse ndinakusungirani, ndipo lero n'zotentha. Khalani pansi, zilipo zambiri."

Mayi anamva zimenezi ali kale m'kati mwa mizere ya nyemba za a Chigayo, mtima ukugunda ngati injini ya mwini mundawo. Anasankha malo, anayandikira, anawerenga. Anapita patsogolo. Kumbuyo kwawo amuna awo anali atafika pa chaka chimene anadzuka ndi dzino. Kenaka liwu lalikulu lija linaphulika.

"Aah! Kodi uyo akutani m'munda mwanga? Mlamu! Mlamu, mwadzuka bwanji?"

Moni unawamenya mayi pamsana ngati mwala. Yankho linakwera lokha mpaka pa lilime. Analuma mlomo, maso ali pa udzu, nagwira chiwerengero chawo ngati munthu wonyamula madzi odzaza m'beseni. Ndiye anamva liwu lofooka, laulemu, likuchokera mu wilibala.

"Adzuka bwino, kaya inu? Pepani, akuwerenga."

Anali mawu awo omwe, kanenedwe kake komwe, mpaka kakupepesa ka kumapeto. Sankadziwa kuti zaka zonse zija bamboyo ankawamvetsera mpaka kusunga kanenedwe kawo. Udzu unayamba kuoneka mwachimbuuzi, ndipo anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja msangamsanga, chifukwa munthu sungawerenge ziwala ukulira. Kumbuyo kunamveka phokoso ngati thumba likugwa. Anali a Chigayo, atakhala pansi, akuseka mpaka ufa ukugwa m'nsidze.

Mayi anatsikira ku ngalande. Ataponda udzu woyamba, udzu wonse unawira. Tiziwala ting'onoting'ono, tosawerengeka, tinathovoka ngati madzi a pamoto, tina tikugwera pa nsalu, tina m'mapazi. Anabwerera akuthamanga.

"Bambo, chiwerengero chanditayika."

"Wakupatsani moni ndani?"

"Palibe. N'zosawerengeka. Ngalande yonse."

A Telala anagwira m'mphepete mwa wilibala. "Mapiko?"

"Zilibe."

"Mwaonetsetsa?"

Mayi anatambasula dzanja. Pachikhatho panali kamodzi, kakang'ono ngati njere ya mpunga, kamsana kali mbulanda. A Telala anakayang'anitsitsa, kenaka anatsamira pa pilo n'kutulutsa mpweya wautali.

"Ndiye tafika nthawi yake."

A Chigayo anapita okha kukaona. Anabwerako atasiya kuseka, tiziwala tili waa pa thalauza. Sananene kuti pepani, si anthu ake amenewo. Anangolavulira m'manja, n'kugwira zogwirira za wilibala.

"Gwiritsitsani, a Telala! Ofesi ya alangizi ili kutali!"

Amene anaona amati wilibala ija inadutsa pamsika ngati ambulansi, a Chigayo akukuwa kuti anthu apatuke, a Telala akudumpha pa pilo uku akupereka moni kwa aliyense, mayi akuthamanga pambuyo monga mwa masiku onse. Tsiku lotsatira ngalande inapoperedwa, kamzere kokhako. Nyemba zinachita maluwa, zinabereka, zinauma. A Telala anaziona zikupunthidwa pabwalo, ali pampando wawo, ndipo anapempha kuti awapatse zodzaza dzanja kuti angozigwira.

Anatisiya nyengo yozizira itangoyamba. Mayi analowa m'chipinda m'mawa ndi kapu ya tiyi, natsekula zenera.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

Zii. Anaima pamenepo kanthawi, kapu ili m'manja. Anadziwa. Komabe pakamwa panayankha pokha, motsitsa, ngati pali wina woti amve.

"Akuwerenga."

Anauza mwana wawo wamkazi patapita milungu kuti chovuta si m'mawa ayi. Chovuta ndi madzulo, dzuwa likapendeka, chifukwa mpaka lero amapezeka atatchera khutu kuchitseko. Bamboyo sanasiyepo moni wa munthu osabweza, ndiye mtima umakana kukhulupirira kuti wawo wokha ndi umene watsala.

Si iwo okha. Madzulo a kwathu anakhala aatali. Ometa tsitsi amati ntchito ikuyenda bwino popanda wosuzumira pazenera, koma amanena akuyang'ana pazenera pomwepo. Makina osokera ali pakona ataphimbidwa, ndipo thalauza lakuda lili pa msomali kuseri kwa chitseko, minda ya chaka chatha ikadali pamenepo. Mayi sanalichape.

Mvula yoyamba itagwanso, anatenga choko natuluka. Ankada nkhawa kuti ayankha bwanji anthu, koma atafika pa kanjira kaja anapeza munthu wamkulu thupi ataima, nsidze zili mbuu, chipewa chili m'manja. Mayi anatsogola, iye anatsatira. Ndiye mukadzadutsa kwathu m'mawa n'kupereka moni kwa mayi wamfupi woyang'ana pansi, musadzidzimuke liwu likaphulika kumbuyo kwawo mpaka mbalame kuthawa m'mitengo.

"Adzuka bwino! Akuwerenga!"

Ana a sukulu tsopano amapikisana kuyeza malire a munda wa sukulu, ndipo amadziwa kuti funso loyamba ndi la mapiko. Ena mwa iwo a Telala sanawaonepo. Koma makolo awo amadziwa chimene bamboyo anachita. Kuyambira chaka chimene anayamba kuwerenga mpaka chaka chimene anamwalira, palibe munda ngakhale umodzi kwathu umene unadyedwa ndi ziwala.